Nkhombe yanu si ya mu Bua

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Nsaru tilipo. Mtedza wachita bwino, chimanga pang'ono chabe. Mlamu wanga wabereka mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu ndithu.

Koma nkhani ndi nkhombe yanu ija, yokhuthala, ya mizere, imene munkasalazira mbiya ndi kudinda pakhosi pake. Ikutha, Amayi. Mizere yafufutika mbali imodzi. Anthu akagwira mbiya yanga amayamba afufuza chidindo chimenecho, akachiona ndiye amati, “Eya, za kwa Nabanda izi.” Ikatha ndidinda ndi chiyani?

Ndinapita kumtsinje wa Bua kukafuna ina, popeza munkati n'kumene munaitola. Ndafukula matope masiku atatu. Zonse zimene ndapeza n'zopyapyala, zosalala, ukangokanikiza, phwa!

Ndiye mdzukulu wanu Tadala, ali Fomu 3 tsopano, anakaionetsa kwa aphunzitsi ake a sayansi. Akuti ndi ya kunyanja ya mchere. Ine mukundidziwa, mtima wanga suchedwa. Ndinathamangira kusukuluko osasamba ndi dongo lomwe. Ndinati, “Aphunzitsi, mukuti amayi anga anali abodza, eti?”

Bamboyo sanakwiye. Anaika yanu pambali pa ya mu Bua, nandigwiritsa pamene zigoba ziwiri zimalumikizana. Yanu ili ndi timano tambirimbiri pamzere umodzi, ngati chipeso. Ya mu Bua ilibe otero. Akuti nkhombe zili ndi mafuko ngati ife, ndipo timanoto ndiye mfunda wake. A fuko la yanuyi amakhala mumchenga ndi m'matope a kunyanja, kusefa madzi kuti adye, ena mpaka magazi awo ndi ofiira. Ndinapepesa. Inde Amayi, ine, kupepesa!

Nanga munaitenga kuti? Munkati, “Mbiya sanena zonse zimene wasunga.” Ndinkayesa mukunena mbiya. Munafika kuno muli mtsikana, ndi matenanti a fodya, ndipo za kwanu simunatiuzepo. Ine ndinali wotanganidwa ndi kukangana nanu, osafunsa, mpaka tinakuikani m'manda. Sindikukwiyirani ayi.

Aphunzitsi anaipempha kuti ana aziphunzirira. Ndakana. Koma za kumsika sindidindanso nayo. Mizere yatsalayo ndaisungira mbiya za m'banja: ya Tadala, ndi ya kakhandako. Ogula azolowere chala changa.

Mwezi wa mawa ndikwera kupita ku Kabudula kwa a Nasimango, mnzanu wa kuesiteti uja. Akalamba, koma mutu udakali bwino. Ndikakhala pansi, ndikatseka pakamwa pangapa, mpaka andiuze kumene munachokera.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamkamwa uja,
Esinta