Nambala Yodzera kwa Azakhali

Lolemba, 10 Malichi

Miyendo ikuwawa. Kuntchito kwathu, kunyumba yosamalira okalamba, kwabwera Killian wa makompyuta. Akuti zolemba za agogo onse zikusamuka mu kompyuta ya mu ofesi kupita pa intaneti, iye akuti ku kilaudi. Zina zitsala mommuno, koma pasiwedi ikhala imodzi. Kuwonjezera pa pasiwediyo, aliyense asankhe: kudinda chala, kapena kulandira nambala pafoni nthawi iliyonse polowa. Wolephera kulowa pofika Lachisanu samuika pa shifiti. Ndamva zonse, sindinafunse kanthu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Makina akana chala changa. Jessica, mnzanga wa ku Zomba, waseka: "Iwe Luntha, sopo wakudya zala!" Zoona, zasalala ndi kusamba m'manja kosatha.

Ndasankha foni. Ndapereka nambala ya foni ya azakhali a Mable. Tsiku lomwe anandilandira kunyumba kwawo anati za boma ndi za ntchito zizidzera kwa iwo, ine ndingasokoneze. Ndaonetsetsa kuti Killian wailemba bwino.

Lachitatu, 12 Malichi

Sindinaganize. Nambala ikupita kunyumba ku Tottenham, ine ndili kuntchito kutali ku Croydon. Komanso siikhalitsa, imafa msanga.

Ndawaimbira. "Mwaswera bwanji, azakhali?"

"Ndaswera, kaya iwe? Wadya? Jekete wavala?"

Pomafika pa nambala, inali itafa kale. Kachiwiri anayamba za bondo lawo, ndipo munthu wamkulu sungamudule mawu. Kachitatu kompyuta yanditsekera kunja. Zoti agogo a chipinda chakumapeto akana phala ndayenda nazo m'mutu mpaka Jessica wandilembera.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndayesa kulumpha moni. "Azakhali, nambala."

Iwo akuti, "Kodi ndasanduka makina ine?" Adula.

Kunyumba andiyankha ndi mutu basi. Ndatopa. Mawa Lachisanu.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndaima pakhomo la ofesi mpaka Killian wandiona yekha. Ndafotokoza m'Chingerezi changa chothyokathyoka, maso pansi. Sanaseke. Wangofunsa ngati ndili ndi foni yangayanga. Ndaitulutsa, yosweka galasi ija. Akuti ndi yokwanira. Ndamuuza nambala yake monong'ona, ngati ndikuba.

Foni yalira m'manja mwanga momwe. Ndalowa. Dzina langa lilipo pa shifiti ya sabata yamawa.

Madzulo ndapeza azakhali pampando, foni ili pamwendo.

"Lero nambala sinabwere. Akuchotsa ntchito?"

"Ayi, azakhali. Ikubwera kwa ine tsopano."

Ndimadikira kukalipidwa. Apukuta foni yawo ndi nsonga ya chitenje, aiika pathebulo.

"Chabwino," atero. "Koma masana uziimbabe. M'nyumba muno mumakhala zii."