Zala Ziwiri M'kati mwa Msoko

Lolemba, 3 Juni

Tsiku aikadi. Loweruka loyamba la Ogasiti. Mwana wanga Singano akukwatiwa.

Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu ndisanamwe n'komwe tiyi. Nsalu ilimo monga ndinaipindira. Yoyera ngati mkaka, yolemera m'dzanja, lesi yake ya timaluwa ting'onoting'ono. Ndinaigula iye ali kusekondale, tsiku limene bambo ake anandituma kukagula malata a khitchini. Khitchiniyo ikudonthabe mpaka lero. Bambo ake anandinyanyalira kwa nthawi. Chisoni ndilibe.

Matenda anga ndi amenewa. Ena mowa, ena mpira, ine nsalu. Ndikadutsa pa shopu ya zovala miyendo imaima yokha. Ngakhale m'tchalitchi, abusa ali pakati pa ulaliki, ine maso ali pa kolala ya mayi wakutsogolo: yapotoka, anamusokera ndani ameneyu?

Zovala za Singano ndasoka ndine kuyambira ali kumsana. Yunifolomu, diresi la kwaya, suti imene anapezera ntchito. Dzina lomwelo ndinamupatsa ndine chifukwa cha kuonda. Chiuno chake ndimachidziwa osagwira tepi.

Ndajambula kale. Khosi lozungulira, manja a lesi, timabatani kumsana. M'misoko, zala ziwiri uku ndi uku, monga ndimachitira pa chovala chilichonse. Munthu amakula. Telala wodula nsalu yonse ndi mfiti.

Lachinayi, 6 Juni

Singano wabwera ku shopu yanga masana. Osakhala pansi. Chikwama pa phewa, makiyi m'manja.

"Amayi, musavutike, a mami aitanitsa kale diresi kuchokera kunja."

A mami. Mayi a mnyamatayo. Ukwati usanachitike ali kale a mami. Ine ndimawatcha a Gogoda, chifukwa nsapato zawo zimafika iwo asanafike.

Ndinaseka. Ndinkayesa nthabwala. Ndinachotsa tepi m'khosi, ndati bwera kuno ndikuyeze, za kunjazo tiziona pambuyo. Anabwerera m'mbuyo ngati ndamutulutsira njoka. Ati achedwa ku ntchito.

Mwana amene ndinkamuyeza ali mtulo. Lero tepi yanga ikumunyansa.

Za nsalu ya m'sutikesi akuzidziwa. Kangati ndamuonetsa? Kangati waikulunga m'thupi pa galasi, kunamizira mkwatibwi? Sanaitchule n'komwe.

Atachoka ndasoka zipi ya thalauza la munthu chozondotsa. Kumasula, kusokanso. Mwini wake ali pompo, akundiyang'ana.

Loweruka, 8 Juni

Ndawauza bambo ake. Maso pa mpira, yankho pakamwa.

"Ndiye mwapumatu, amayi. Mukanakonda kuti muzikhala pa makina mpaka tsiku la ukwati?"

Eya. Ndikanakonda zimenezo.

Mwamuna amene amavala shati la mizeremizere ndi thalauza la mabokosi n'kumadziona kuti watchena. Ndimayembekezera chiyani?

Mwini nyumba ya shopu wadutsanso. Moni wake wautali uja wa kumapeto kwa mwezi, chonsecho mwezi wangoyamba. Ntchito yachepa. Anthu onse ali pa kaunjika, kwa ine amangobweretsa zoti ndipinde, ndiike zipi, ndichepetse. Ndinaphunzira kusoka kuti ndizikonza zolakwa za mafakitale?

Lachiwiri, 18 Juni

Mayi wa saluni woyandikana nane wandifunsa, makasitomala ake ali khutu tcheru: "Nanga diresi la mwana wathu lafika pati? Tikufuna tione luso."

Ndati ndi chinsinsi. Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Msewu wonse uno ukudziwa za nsalu ija. Mlomo wanga womwewu. Akwatibwi a ena ndawaveka osawerengeka, ena oti ngakhale moni sandipatsanso. Wanga yekhayo, wobereka ndekha, akavala chosokedwa ndi munthu wosamudziwa ngakhale dzina.

Amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwendo wanga wachepa chifukwa chopalasa makina kuti iye aphunzire.

Lachisanu, 5 Julayi

Diresi lafika. Alibweretsa a Gogoda okha, m'thumba lalitali la zipi, atalinyamula ngati wodwala. Singano sanabwere.

Alowa mu shopu akuyang'ana pansi poponda. Perefyumu yawo yatsala mpaka madzulo. Kunditchula kwake: "mayi telala." Mwana wanga akulowa m'nyumba mwawo, koma ine ndine mayi telala.

"Mungochepetsa pang'ono, mayi telala, asamaliponde. Zina zonse zili bwinobwino."

Kungochepetsa. Mawu ake omwewo. Achepetsa ine kaye, diresi pambuyo.

Atapita ndalitulutsa. Ndinene zoona, chifukwa pano palibe wondimva: kutsogolo n'lokongola. Mikanda yake yakhala bwino. Koma ukalitembenuza, manyazi. Ulusi uli lendelende, nsalu yam'kati yoterera ngati jumbo. Ndiye kukula kwake! Muno mungalowe Singano ndi mnzake. Anayeza ndani? Anayeza pa chitseko?

Ndamuimbira kuti abwere alivale ndione. Ati ntchito yachuluka. "Amayi, ingochitani zimene a mami anena."

Chabwino.

Lolemba, 8 Julayi

Ndalichepetsa.

M'munsi, monga ananenera. Kenako ndaliyang'ana lili pa chidole, chiuno chili pendapenda ngati thumba. Mwana wanga akalowe m'tchalitchi m'thumba, anthu akudziwa kuti mayi ake ndi telala? Ayi. Ndalowetsa m'chiuno, m'mbali monse mpaka kukhwapa. Tepi sindinaifune. Manja akudziwa.

Kenako ndinagwira sizasi. Nsalu yotsala m'kati inali yambiri, yokwana kupinda n'kusiya. Dzanja linaima lokha pa zala ziwiri, mwa chizolowezi. Ndati ayi. Akufuna za m'shopu? Za m'shopu sasiya kanthu m'kati. Ndadula mpaka pa msoko. Mbali zonse.

Zidutswa ndasesa, zapita ndi zinyalala. Mtima unachita myaa. Koyamba chiyambire kusoka.

Laima bwino tsopano. Akalivala adzadziwa amene amalidziwa thupi lake.

Lamlungu, 21 Julayi

Sanabwerebe. Diresi lili pa khoma, likundiyang'ana.

Ku tchalitchi ndinamuona patali. Diresi lotaya, la maluwa akuluakulu, losamukhala n'komwe. A Gogoda amuphunzitsa kuvala makatani. Pomaliza mapemphero anandigwira dzanja msangamsanga n'kuthawira ku galimoto.

Langa la tsikulo ndayamba. Labuluu wakuda, lopanda phokoso. Ndamva kuti a Gogoda avala lagolide, ndi chipewa. Avale. Golide pa thupi limene lija, tikaona.

Lachitatu, 31 Julayi



Singano wabwera m'mawa, yekha. Ndatseka chitseko, ndakoka katani. Wavula atandifulatira. Ndamuveka. Zipi yakwera mpaka pa chiuno n'kuima.

Ndakoka. Ndati pumira m'kati. Yakana. Pakati patsala mpata wolowa chikhatho changa chonse.

Ndinayamba kukalipa, ndati ukudya chiyani kwa a mami akowo? Ndiye ndinazungulira kutsogolo kuti ndikokere nsalu. Dzanja langa linagwa pamimba pake.

Ndabereka ine. Sindinafunikire kuuzidwa.

Anangoti, "Amayi, mwalitani diresi? A mami anagula lalikulu dala."

Dala. Akudziwa kuyambira kale. Ku chipatala anapita naye ndi iwowo. Mnyamata akudziwa, alongo ake a mnyamata akudziwa, mwina ndi galu wawo yemwe. Ine, mayi telala, ndi amene ndimati tepi yanga ikumunyansa.

Ndamufunsa chifukwa chake. Misozi ili mbwee. "Inu mukanayeza mukanadziwa. Ndiye mukanandiyang'ana mmene mukundiyang'aniramu."

Ndimamuyang'ana bwanji? Galasi linali pompo. Sindinafune kuonamo.

Kenako anatembenuza diresi, zala zikufufuza mu msoko. "Masulani basi, si mumasiya zala ziwiri?"

Mwana amene anakulira pansi pa tebulo langa lodulira. Chinthu chimodzi chokha chimene anali nacho chikhulupiriro mwa ine. Anapeza msoko uli mbee, wopanda kanthu.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pa mpando wa makasitomala, diresi lili m'chiuno, n'kufunsa khoma kuti a mami akawauza chiyani.

Ukwati Loweruka.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Ndazungulira mashopu onse a nsalu ndi kachidutswa kotsalira pansi pa makina m'manja. Kuyera kuli mitundumitundu, osadziwa amati n'kumodzi. Uku kwawala kwambiri, uku kwapita ku chikasu. Wogulitsa wina ati, "Mayi, ndani akayang'ane m'khwapa mwa mkwatibwi?" Ine. Ine ndikayang'ana.

Ndinadziwa ndisanachoke n'komwe pakhomo. Ndimangozemba.

Pobwera ndatsitsa sutikesi. Ndaika nsalu yanga pambali pa diresi, pa dzuwa la pakhomo. Ngati zinabadwa mimba imodzi.

Ndaiyala pa tebulo. Zaka zonsezi osailola ngakhale ntchentche. Inayenera kukhala diresi lathunthu, khosi lozungulira, timabatani kumsana. Ndadulapo timizere tiwiri ta m'mbali. Kuti maluwa a lesi agwirizane ndi a diresilo ndinayenera kudula pakati penipeni. Sizasi inalira ngati ikudula ine.

Bambo ake anabwera ndi chakudya, n'kuima pakhomo. Ndawauza zonse. Yankho lawo: "Ndiye tikhala agogo?" Akumwetulira! Anthu aamuna.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Latha. Timizere talowa kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno, lesi pamwamba, mikanda ndasokerera ndi manja umodziumodzi kuti msoko ubisike. Chiuno ndachikweza pang'ono kuti nsalu izigwa yokha kutsogolo. Maso akuwawa, msana ngati wa munthu wina.

Ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo. Ubwino wake ndi woti isaoneke.

Wabwera kudzayesa. Zipi yakwera yokha mpaka pamwamba. Wapuma, wakweza manja, wakhala pansi, waimirira. Anagwira m'mbali, n'kuizindikira nsaluyo. Ndinaona kuti waizindikira. Pakamwa panatseguka, foni n'kulira. A mami. Maluwa a m'holo.

Anatuluka akuyankha.

Langa labuluu silinathe. Ndikavala lakale lija.

Lamlungu, 4 Ogasiti

Zatha. Mapazi atupa.

Anakongola. Ndilembe zimenezo kaye. Polowa m'tchalitchi anthu anachita kuimirira pa zala. Ine maso pa misoko. Pogwada, yagwira. Povina, yagwira.

Ku holo anatikhazika kutsogolo ndithu, koma kumapeto, pafupi ndi sipika. A Gogoda atapatsidwa maikolofoni, chipewa chili pendeke, anauza anthu kuti diresi linakwera ndege. "Zinthu za kunja zimangokhala zokha pathupi, osagwiridwa n'komwe." M'manja mwaphokoso. Amadziwa kuti ndinapinda m'munsi mokha. Singano sanawauze zinazo.

Mayi wa saluni anandinong'oneza: "Pepani anzanga, koma nanunso mukuona, zoterezi ife kuno sitingazithe." Ndinavomera ndi mutu.

Golide uja anang'ambika kukhwapa nthawi ya zithunzi. Ndinali ndi singano ndi ulusi m'chikwama, monga mwa masiku onse. Ndinakhala phee.

Pomaliza, akupita ku galimoto, Singano anandikumbatira. Fungo la perefyumu ya a Gogoda. Anandinong'oneza m'khutu: "Zikomo amayi. Palibe amene waona."

Ndi zikomo yanga imeneyo. Palibe amene waona.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Kalekale osalemba. Zolemba zake ziti? Zipi, mipendero, kuchepetsa. Mwini nyumba. Makina ayamba kudumpha ulusi.

Singano ndi mwamuna wake asamukira kwa a Gogoda, ati mpaka mwana abadwe, kuli chipinda chachikulu komanso chipatala chili pafupi. Chichitikire ukwati sanapondeko kuno. Ine kumeneko sindinaitanidwe. Pa geti pawo pali belu, ndipo sindine munthu woimba belu kuti ndione mwana wanga.

Dzulo uthenga wa Singano pa foni. Ati ndi wamkazi, aona pa makina. Mzere wachiwiri: "Za zovala musavutike, a mami aitanitsa kale."



Lero kunalibe kasitomala. Ndatsitsa sutikesi kuti ndiitaye nsalu ija, kapena ndipatse wa saluni apangire makatani. Yabooka pakati, ya mkwatibwi singatulukenso. Ndaiyala pa tebulo kuti ndione potsala.

Choko chinali m'manja, sindikudziwa kuti chinafikamo bwanji. Kadiresi. Khosi lozungulira, timanja ta lesi, timabatani titatu kumsana.

M'misoko ndasiya zala ziwiri uku ndi uku.

Ndafufuta. Ndasiya zinayi. Sindikudziwa kuti podzandionetsa adzakhala atakula bwanji.