Mawu a pa Pasipoti ya a Margaret

Barking, London
16 Novembala 2024

Okondedwa achimwene anga a Reinford,

Ndikhulupirira kalata ino yakupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Domasi. Ife kuno tili moyo. Kuzizira kwayamba, ndipo dzuwa likumalowa 4 koloko ngati lathawa mlandu. Musadabwe kuona kalata ya papepala yochokera kwa ine. Nkhani ili munoyi ndinayesa kuijambula pa foni kanayi, ndipo kanayi konse ndinafufuta, chifukwa mawu anga amatuluka ngati ndikukalipira munthu, pamene lero ndine wopempha.

Pempho lake ndi ili: mupite ku Zomba, ku ofesi ya yunivesite, mukanditengere pepala la zotsatira za mayeso anga a zaka zitatu zija. Likufunika kuno Januwale asanathe. Kalata yokupatsani chilolezo ndaiika mu envelopu momwemu. Koma musananyamuke muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa pepalalo likakuuzani zinthu zimene ine sindinakuuzeni, ndipo ndi bwino muzimve kwa mwini wake.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo cha ku Ilford. Mwa onse amene ndimasambitsa ndi kumwetsa mankhwala, alipo mayi ena a zaka 91, dzina lawo a Margaret, amene timagwirizana chifukwa pakamwa pathu mpofanana. Tsiku loyamba anandiuza kuti tiyi wanga ali ngati madzi otsukira makapu. Ine ndinawayankha kuti masambawo timalima ndife ku Thyolo, ndipo ngati pali wina wosadziwa tiyi m'nyumbamo si ine. Kuyambira tsiku limenelo safuna kusambitsidwa ndi wina aliyense.

Mayiwa anabadwira ku Jeremani. Anafika kuno mu 1939 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pamodzi ndi ana ena othawa, atanyamula kasutikesi kamodzi. Bambo awo anali Myuda, mayi awo Mkhristu, ndipo bambowo sanawaonenso. M'mawa uliwonse ndikamawapesa tsitsi amanena Pemphero la Ambuye m'Chijeremani. Tsiku lina chipeso chinaima m'dzanja langa, chifukwa pakati pa pempherolo ndinamva mawu oti Reich.

Inu ndinu mphunzitsi, mukudziwa kuti m'Chingerezi mawu amenewa amanunkha. Mngelezi akati Reich, m'mutu mwake mumabwera boma la a Nazi basi, asilikali ndi misasa yophera anthu. Ndiye ndinawafunsa kuti mawu otere akutani m'pemphero la munthu amene anathawa zomwezo. Anandiyang'ana pa galasi n'kunena kuti pamene ife timapempha kuti ufumu wa Mulungu ufike, kwawo mawu ake ndi amenewo. Ndi mawu wamba otanthauza ufumu kapena dziko lolamulidwa, ndipo analipo a Nazi asanabadwe.

"Anandilanda bambo anga," anatero. "Ndiwasiyirenso mawu a m'pemphero la amayi anga? Pesani, Mable, simunabwere kudzandiyang'ana."

Loweruka lake ndinalowa mu laibulale ya kuno ku Barking, ndinabwereka mabuku atatu a mbiri yakale. Panali patatha zaka zoposa makumi awiri ndisanagwire buku lotere. Ndinkawerenga m'basi nditaliphimba ndi chikwama ngati ndaba, ndipo zonse zimene ndapeza ndinkakawasokosa nazo a Margaret m'bafa. Iwo amatsutsa, ine ndimatsutsa, madzi mpaka kuzizira.

Tsono chaka chilichonse a Margaret amaitanidwa kumasukulu kukafotokozera ana za ulendo wawo ndi kuwaonetsa pasipoti yawo yaubwana. Chaka chino mawu awo afooka, samveka patali. Anandiuza, osati kundipempha, kuti ndidzawakankha pa chikuku ndipo ndizikabwereza mokweza zimene iwo akunena. Nditaona dzina la sukulu pa kalata yowaitana, ndinaliwerenga kawiri. Inali sukulu ya mwana wanga Alinane, kalasi yake yomwe.

Alinane tsopano ali ndi zaka khumi ndi zisanu, wandipitirira msinkhu. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ngati chinenero chathu chimawotcha lilime. Nditamuuza, anasiya supuni m'mbale. Anandichonderera kuti ndisakamupatse moni, ndisakamuyang'ane, ndipo ngati n'kotheka ndisakavale yunifomu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti anzake anawauza zoti mayi ake amagwira ntchito ku chipatala, n'kuwasiya aganize okha zotsalazo. Sindinamukalipire, achimwene, mungadabwe. Ndikanamukalipira chiyani, poti bodza lokometsera mbiri anatengera kwa ine? Ndinangotulutsa yunifomu ija n'kuisita kawiri, mpaka makwinya onse anapepesa.

Linali Lachiwiri m'mawa. Ana analipo ngati makumi asanu ndi limodzi m'holo, Alinane atadzikwirira kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko. A Margaret ankalankhula pang'onopang'ono, ine n'kumabwereza mokweza, ngati womasulira wa kutchalitchi amene mlaliki wake wagwidwa chimfine. Anafotokoza za kasutikesi, za nambala imene anawapachika m'khosi, za bambo awo atavula chipewa pa siteshoni. Ana amene ndimawadziwa kuti sakhala chete ngakhale m'basi anali duu. Kenako pasipoti ija inayamba kuyenda m'manja mwawo ili m'kapulasitiki.

Itafika kwa Shamiso, mnzake wa Alinane wa ku Zimbabwe, mtsikanayo anaimika dzanja. Anati pachikuto palembedwa mawu aja oti Reich, omwe alinso m'buku lawo la kusukulu. Nanga bukulo poti ndi la Chingerezi, mawu ena onse anamasulira, bwanji awa okha anawasiya m'Chijeremani? Mphunzitsi wawo, bambo wachinyamata waulemu ndithu, anayankha kuti amangotanthauza Empire, ndiye kuti ufumu, ndipo ndi mmene anthu anazolowerera. Anafuna kupita ku funso lina.

A Margaret anandigogoda pabondo ndi ndodo yawo.

"Auzeni, Mable," anatero, ndipo mawu ofooka aja anamveka bwino lomwe. "Zija mumandizunza nazo m'bafa. Ine ndatopa nazo, azimveko ena."

Ana anaseka. Ine ndinayang'ana kumbuyo, ndinaona mutu wa Alinane uli pa mawondo. Ndinadziuza kuti ndinena mawu awiri okha. Inu mukundidziwa.

Ndinawauza kuti pa pasipotipo mawuwo sanali chitukwano, linali dzina la dziko, ndipo dzinalo linalipo kuyambira 1871, kale a Nazi asanaganiziridwe. Ndinawauza kuti Ajeremani mpaka lero mawu amenewa ali nawo m'dzina limene amatchulira dziko la France, m'dzina la Austria, ndi m'mapemphero awo, monga mayi akhala apawa amachitira m'mawa uliwonse. A Nazi anadzitcha Reich yachitatu pofuna kudzimata ku maufumu awiri akale, kuti aoneke ngati ali ndi makolo. Chingerezi chinatola mawuwo n'kuwasungira iwowo, moti lero mawu amene kwawo ali ndi ntchito zambiri, kuno atsala ndi ntchito imodzi.

Pamenepo ndikanatha kukhala pansi. Koma lilime linali litatentha. Ndinati ine ndimachokera ku dziko limene linalamulidwa ndi Empire ya Angelezi, ndipo ndaona kuti m'chinenero chino ufumu wa eni ake uli ndi dzina laulemu, la m'nyumba, lolembedwa pa zipilala, pamene ufumu wa mdani anausiya ndi dzina lachilendo lovuta kutchula, kuti uzioneka ngati chinthu chimene chingachitike kwa anthu ena okha. Ndinawauza za Karonga, kuti mu 1914 asilikali a Reich yachiwiri anawoloka malire n'kumenyana ndi a Empire pa nthaka yathu, ndipo manda awo alipobe. Ndinawauza za agogo awo a bambo athu, amene anagwidwa umtengatenga pa nkhondo imeneyo n'kusenza mabokosi mpaka khosi linapindika, osauzidwa n'komwe kuti mayina a omenyanawo amatanthauza chimodzimodzi. Ndinasamala, achimwene. Ndinanena momveka kuti sindikuti zonse n'zofanana, chifukwa zimene zinachitikira banja la a Margaret zilibe chinzake. Ndinangoti mawu akasiyidwa osamasulira, munthu azifunsa ngati mmene wafunsira mtsikanayu: anawasiya ndani, ndipo akumuthandiza chiyani?

Nditatseka pakamwa ndinazindikira kuti ndalankhula mphindi khumi, nditavala yunifomu ya buluu, magolovesi akusuzumira m'thumba. Kenako a Margaret anayamba kugogoda ndodo pansi, ana n'kuwomba m'manja, mphunzitsi uja akulemba zinthu m'kabuku kake ngati mwana wasukulu ndi iye. Atamaliza anandifunsa pamaso pa onse kuti zimenezi ndinaphunzira kuti.

Yankho lakale linali kale pamilomo, lija mumalidziwa, lija ndakhala ndikuuza aliyense amene wandionetsa chithunzi chake atavala mkanjo wa digiri. Ndisanalitulutse, ndinamva mpando ukusuntha kumbuyo. Alinane anali ataimirira, nkhope ili gwa ngati akupita kukabayitsa jakisoni. Anati, m'Chingerezi chake chothamanga chija, amenewo ndi amayi anga, anaphunzira mbiri yakale ku yunivesite ku Malawi. Shamiso anatembenuka n'kumumenya ndi kope pamkono, akumufunsa chifukwa chimene anabisira mayi otere.

Ine ndinangowonjezera kuti ndinaphunzira zaka zitatu, sindinamalize. Kanali koyamba m'moyo wanga kunena chiganizo chimenechi osaikapo "chifukwa".

Potuluka, ndikulimbana ndi chikuku pa chitseko, ndinamva dzanja la Alinane likukankha langa.

"Amayi, siyani. Ndikankha ine."

M'Chichewa, achimwene, anzake akumva. Anakankha mpaka pa geti, a Margaret akumulamula ngati dalaivala wawo, ine ndikuyenda pambuyo manja ali lende, ndikunamizira mphepo kuti ndiyo ikunditulutsa misozi.

Mphunzitsi uja anatithamangira n'kundiuza za yunivesite ina m'kati mwa London imene imaphunzitsa madzulo anthu akuluakulu ogwira ntchito. Ndinamuthokoza mwa ulemu wongomuchotsa. Koma a Margaret anamva, ndipo m'mawa mwake anakana kumwa mapiritsi mpaka nditadzaza fomu pa tebulo lawo. Ndinawauza kuti uku n'kuopseza wantchito wa boma la Mfumu. Anati ndikawasumire. Yunivesiteyo yayankha. Akufuna kundiona mu Febuluwale, ndipo ati akaona pepala la ku Zomba akhoza kundichotserako chaka.

Tsopano nazi zimene mukaone pa pepalalo. Ndinauza malemu bambo, ndinauza inu, kuti ndinawidedwa, kuchotsedwa pa yunivesite, chifukwa mphunzitsi wa mbiri ya ku Ulaya ankandida. Si zoona. Pa mayeso anatifunsa za kulumikizana kwa dziko la Jeremani, nkhani ya Reich yachiwiri yomweyi. Ine, podziona wanzeru kuposa funso, ndinalemba masamba asanu ndi atatu ofotokoza chifukwa chake mwana wa ku Malawi sayenera kufunsidwa za mafumu a azungu. Funso lenilenilo sindinalikhudze. Mphunzitsiyo anandilepheretsa, ndipo anachita bwino. Anandiitana ku ofesi, anandiuza mofatsa kuti mutu ndili nawo, ndibwere ndidzalembe sapu, mayeso obwereza aja. Ine kulemba sapu, pamodzi ndi anthu amene ndinkawaseka? Tsiku la mayesowo ndinakhala pa depoti ya basi ndi sutikesi yanga mpaka nthawi inadutsa, kenako ndinakwera basi yobwera kumudzi ndi nkhani yanga yokonzakonza.

Bambo anapita kumanda akutukwana munthu wosalakwa. Inu munafuna kukwera njinga kukamufunsa, ine ndinakugwirani malaya, mukuganiza kuti ndikukutetezani. Ndikupepesa, achimwene. Mawu amenewa sindinawazolowere, ndiye muwasunge bwino, mwina sadzabweranso msanga.

Mukakafika ku Zomba mukafunseko ngati mphunzitsiyo ali moyo. Ngati alipo, mukamuuze kuti mtsikana wamwano wa mu 2001 uja funso lija analiyankha, pamaso pa ana makumi asanu ndi limodzi, ngakhale anachedwa ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Mukadzapita kumudzi pa Khirisimasi, mukaime pang'ono pa manda a bambo m'malo mwanga. Zokanena mukudziwa kale, inu mumatha kulankhula nawo bwino kuposa ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chitenje chija ndimafunda pamwamba pa jekete ndipo azungu amandiyamikira. Moni kwa ana, Lumbani ndi azing'ono ake. A Margaret akuti ndikupatseni moni, ati akufuna aone ngati m'banja mwathu muli munthu mmodzi wofatsa. Alinane akuti "moni amalume", wanena yekha, sindinamutume. Wachotsa zinthu zake theka la tebulo la kukhitchini n'kumata tepi pakati, akuti mbali iyo ndi yanga yowerengera, ndipo foni ndi yoletsedwa kwa tonse awiri.

Envelopu ya ku Zomba musaope kuitsegula. Mupeza zaka ziwiri ndi theka zokongola, kenako F mmodzi wamkulu. Ameneyo ndi wanga, ndinamupeza ndekha popanda wondithandiza. Mutumize pamodzi ndi zinazo.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,
amene akubwerera kusukulu,

Mable