Ntchito yanga yogwetsa makompyuta

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija lasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, mutu uli m'malo mwake, ngakhale amalume akulengeza zina.

Achemwali anandiimbira foni kuti amalume atangofika kuchokera kuno anasonkhanitsa banja n'kunena kuti ndapenga. Akuti anandipeza ku ntchito ndikugwetsa kompyuta pansi, n'kuitola, n'kuigwetsanso, kwinaku ndikuseka. Ndiye agamula kuti Kafupi wanga apite kwa abambo ake, ati mayi wamisala sangalere mwana. Amayi, mtima wanga ukuwira. Munthu amene anathawa mwana asanamere ndi dzino lomwe!

Zogwetsazo amalume anaonadi, koma ndiyo ntchito imene abwana anandilembera. M'kati mwa laputopu muli kambale kozungulira kosunga zonse, zithunzi ndi zolemba, ndipo pamwamba pake pamayenda kasingano, ngati pa galamafoni ya malemu agogo ija. Laputopu ikagwa kasinganoko kali pamenepo, kamakanda kambale, zonse n'kutheratu. Ife timakonza pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, kuti ikangomva kuti laputopu yayamba kugwa, ichotse kasinganoko msanga isanafike pansi. Nanga tingadziwe bwanji kuti zatheka osaigwetsa? Tili ndi tebulo lathu pakona, pansi pake simenti yokhayokha, ndipo ndimagwetsa chafufumimba, chagada, cham'mbali, mpaka msana kuwawa n'kuwerama.

Amalume anabwera titavutika miyezi, pulogalamu ikuchedwa, timbale tikungowonongeka. Tsiku limenelo ndinagwetsa, n'kuyatsa, zonse zili bwinobwino. Ndikanalekerenji kuseka? Iwo anangoima pakhomo chipewa chili m'manja. Mpando anakana, tiyi anakana, funso ngakhale limodzi osafunsa. Kenako liwiro kukakwera basi.

Pempho langa ndi limodzi. Musalongedze zovala za Kafupi, ndipo wobwera kudzamutenga mumuuze adikire mayi wake. Abwana andilola kubwera kumapeto kwa mwezi. Ndidzatenga laputopu yangayanga yokhala ndi pulogalamu yathuyi, momwe muli zithunzi zonse za mwanayo chibadwire, ndipo ndidzaigwetsa pakhonde panu amalume akuona ndi maso awo. Nkhope ya Kafupi ikadzatuluka, adzanene okha pamaso pa banja kuti wopenga ndani. Ntchito sindisiya, mwananso sindipereka.

Moni kwa achemwali ndi alamu, azakhali, ndi amalume omwe, muwauze akonzeretu mpando wakutsogolo. Kafupi mumuuze kuti amayi ake amagwetsa makina tsiku lonse, koma iyeyo chimuberekere kumsana sanamugwetsepo, ndipo sayamba lero.

Ndine mwana wanu,
uja mumati Wamakani