Mchira wa nyimbo ya pa thandala

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mlongo wanga Meleniya wabereka mwana wamkazi, chimwana cholemera ngati thumba la mpunga, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akalira amamva ndi asodzi a ku Mbenji. Mpunga ku Chinguluwe wachita bwino chaka chino, koma denga la khitchini yanu lagwa, ndipo mbuzi ija munkaitcha Mlamu idadya malaya anga a kutchalitchi. Ndaikhululukira chifukwa cha inu.

Tsopano khalani pansi, mwana wanu watchuka. Ku loji kumene ndimaimba babatoni wanga, chigitala cha chingwe chimodzi chija, Loweruka lililonse kudabwera anthu aluso: oimba jazi a ku Lilongwe, mayi wina wolemba mabuku, ndi mkulu wojambula zithunzi, wandevu zoti mungasesere bwalo. Mtsikana wa pa wailesi ankawafunsa mmodzimmodzi kuti luso lawo amalitenga kuti. Wolemba mabuku adati amang'amba mapepala khumi kuti patsale limodzi. Wojambula adati amayang'ana mtengo sabata yathunthu asanakhudze utoto. Ine chamumtima ndidati anthuwa ulesi angoupezera dzina labwino.

Kenako ndidaimba nyimbo yanu ija, imene munkaimba potembenuza usipa pa thandala. Amayi, a Gondwe, mkulu woliza lipenga lopindika la jazi, adavula chipewa! Mtsikana uja adandifunsa kuti adapeka ndani. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndidati ndidapeka ndekha, ndili m'bwato, mwera utavuta. Ine amene ndimasanza bwato lisanachoke pamchenga! Paja munkanena kuti, "Yotamu, lilime lakoli lidzakufikitsa kumene miyendo siingathe kukubweza."

Ndafikako. A Gondwe akuti khutu lawo likuwauza kuti nyimboyi ndi yoduka, ili ndi mchira, ndipo akufuna tiijambule yonse. Sakunama. Mchira ulipo, uja munkaukweza mitambo ikada, poitana amayi anzanu kuti athamange kudzaanula usipa mvula isanagwe. Koma ine mukangouyamba ndinkadziwa kuti kusenza madengu kwafika, ndiye ndinkaliyatsa liwiro. Mawu ake sindidawamvepo mpaka kumapeto.

Ndafunsa paliponse. Amayi aang'ono ku Chinguluwe ndidawaimbira mpaka kukhosi kudauma. Adangondiyang'ana nkundifunsa ngati ndabwera kudzagula mpunga. Masiku ano sazindikiranso munthu. Mnzanu wa pa thandala, a Nachisale, adakutsatirani chaka chatha, mwina mwaonana kale. Atsikana a lero mitambo ikada amangoimbirana foni. Meleniya akuti akukumbukira zoti munkatchulamo dzina la agogo, basi. Ndayesa kupeka mchira wangawanga katatu konse, koma ukumveka ngati chigamba cha saka pa chitenje chatsopano. Ndi mbuzi yomwe idanyamuka nkuchokapo.

Ine amene ndimadzitama kuti ndikhoza kuvinitsa ndi mtondo womwe, lero ndagwira njakata. Zaka zonse zija mudali pompano, nyimbo ili pakamwa, ine nkumathawa dengu. Dengu chabe, Amayi.

Tijambula Loweruka likubwerali. A Gondwe ndawauza zoona, ndipo sadaseke. Ndikulonjeza kuti pa wailesi pomwepo ndidzanena kuti nyimboyi ndi ya Esitere Nabanda, woyanika usipa wa ku Senga Bay, ine ndidangoba, ndipo ndidaba yosakwana. Tikadzafika pa mchira ndidzaletsa lipenga, chingwe cha babatoni ndidzachigwira kuti chisalire, tidzasiya mpata. Ngati kumeneko amakulolani kutulukako pang'ono, mpatawo ndi wanu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wothawa madengu uja,
Yotamu