Maola anayi a Tadala

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Biriwiri. Tonse tili bwino, kupatula mwendo wanga uja.

Nkhani ndi ya mwana wathu Tadala. Anadikira miyezi isanu ndi itatu kuti apatsidwe nthawi pa makina aakulu a ku Ulaya aja, ounika timiyala ta mankhwala ndi kuwala kwamphamvu. Amawayendetsa pa kompyuta ali kuyunivesite, ndipo popanda zotsatira zake sangamalize maphunziro. Anampatsa maola anayi, Loweruka kuyambira 9 koloko m'mawa. Inu munalamula pa foni kuti Loweruka lomwelo aliyense apezeke pa chiliza cha mayi.

Anabwera, poopa mawu a malume ake. Anakhala pachulu kuseri kwa khola, kompyuta ili pamiyendo, netiweki ikungothawira ku Mozambique. Ine ndinkamuwerengera nthawi. Pa timiyala khumi ndi tiwiri anangounikapo kamodzi kokha. Itakwana 1 koloko, makina anapatsidwa munthu wina. Anangoti, “Amayi, chaka chapita,” n'kupita kukatsuka mbale za alendo.

Inuyo simunabwere. Mpando wanu unakhala kutsogolo mpaka madzulo.

Chonde mumuimbire, ndipo ulendo wina muzifunsa kaye musanaike tsiku. Mulungu akusungeni ku Joniko.

Ine mlongo wanu,
Esinati