Zipika za Bambo

Robertson,
19 Januwale 1997

Okondedwa achimwene Tertius,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Ronel ndi ana nonse muli bwino ku Otjiwarongo, ndiponso kuti mvula yakupezani. Ife tinabwerako kunyanja ku Stilbaai sabata yatha. Amayi ali bwino m'thupi, akudya, ndipo mankhwala akumwa pa nthawi yake. Zotsalazo ndizo ndikukulemberani, chifukwa tsiku lija pa telefoni munandifunsa za ulendo ndipo ndinangoti unayenda bwino, poti Amayi anali chiimire pambali panga.

Mukudziwa kuti chiikireni Bambo m'manda mu Okutobala, Amayi sankafuna kutuluka m'chipinda. Abusa anabwera, amayi a kumpingo anabwera ndi mbale zawo, ine ndinkatenga mabuku a zilembo zikuluzikulu kuntchito kwathu ku laibulale, koma ankangounjikana pampando. Tsiku lina mmawa ndinawapeza atavala, ndipo anati, "Hermien, Disembala wayandikira. Uyichotse lona kalavani ija, ipitidwe mphepo." Ndinapita kukalirira m'galaja kuti asandione. Mumtima ndinkati, tikapita kunyanja ndi kanyumba kathu kokoka ndi galimoto kameneka, ndipo tsiku lobwerera akalembetsenso malo athu oimikapo kalavani aja a pansi pa mtengo monga ankachitira ndi Bambo chaka ndi chaka, ndiye kuti Amayi ali ndi Disembala wina womudikira. Lamulo la kumeneko simunaliiwale: ukachoka osalembetsa, malowo amapatsa ena, ndipo odikira ndi ambiri. Chimene ndinkafuna pa ulendo wonsewu chinali chimenecho basi.

Koma pali chimene simukuchidziwa. Pa Disembala wawo womaliza, Bambo ankaimika kalavani monga mwa masiku onse. Anakweza mbali yakumunsi ndi jeke wakale uja wa galimoto yomwe tinagulitsa tili ana, nasanjikiza zipika zawo zakuda zija pansi pa tayala, kenaka n'kuyamba kupukusa miyendo ya m'makona mpaka kalavani yonse kulira. Amayi anali atapita kukatunga madzi. Chipika cha pamwamba chinaterera, kalavani inagwa, ndipo chitsulo chinatera m'mchenga pafupi ndi phazi lawo, mpata wake wosakwana chikhatho. Anakhala pansi, nkhope itayera. Atapeza mpweya anati, "Mwana wanga, amayi ako asamve zimenezi." Sindinawauze.

Tsono ulendo uno ntchitoyo inagwera ine. Ndinatenga buku la eni makalavani pa shelefu ya kuntchito, ndipo ndinaliwerenga ngati wophunzira woopa mayeso. Achimwene, pafupifupi chilichonse chimene Bambo ankachita, bukulo limaletsa. Miyendo ya m'makona si yonyamulira, ntchito yake ndi kungoletsa kalavani kugwedezeka. Ukaikakamiza, pansi pa kalavani pamapotoka. Mbali yakumunsi sukweza ndi jeke ayi, umakwezetsa tayala pa chokwerapo, kalavani ikadali yomangidwa ku galimoto. Jeke ndi wa tsiku limene tayala laphulika, ndipo ngakhale pamenepo suika dzanja pansi usanatchinjirize ndi choimika chachitsulo. Ndinatseka bukulo ndili ndi manyazi, ngati ndawerenga kalata ya munthu wina yonena Bambo.

Ndinapita ku sitolo ya zamakalavani ku Worcester, nditanyamula kachingwe komwe ndinayezera mpata wa pansi pa kalavani yathu. Wogulitsa anali mayi wonenepa, magalasi ali pamphuno.

"Abambo akunyumba akutumani chiyani?" anandifunsa.

"Palibe wandituma."

"Ndiye timvana msanga. Amuna amalowa muno atadziwa kale zonse, ine n'kumangolandira ndalama."

Tinayeza majeke ake ndi kachingwe kanga. Jeke wooneka ngati botolo ndi wamphamvu, koma ndi wamtali. Tayala likaphwa kalavani imatsika ndipo iye salowanso pansi. "Ameneyu mudzangoyang'anana naye m'mbali mwa msewu," anatero mayiyo. Ndinatenga wamfupi wokhala ndi mutu wolowa m'chitsulo cha kuseri kwa tayala, woti sangaterere, ndipo mphamvu yake yolembedwa pambali imaposa kulemera kwa kalavani itadzaza. Ndinatenganso choimika chachitsulo, chokwerapo tayala chokhala ngati masitepe, zotsekera matayala ziwiri, ndi kalevulo kakang'ono ngati ka amisiri omanga nyumba.

Mpaka apa sindikudziimba mlandu. Mlandu wanga ndi wa Loweruka lotsatira. Amayi atagona masana, ndinatsegula bokosi la kutsogolo kwa kalavani, ndinatulutsa zipika zonse ndi jeke wakale uja, ndinaziika m'thumba, ndi kukazitaya kudzala la tauni. Zinali zonyowa ndi oilo, china chinali chitang'aluka pakati, ndipo chiswe kapena tizilombo tina tinali titaboola ziwiri. Koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Ndinkadziwa kuti zikakhalapo, Amayi adzati tichite monga ankachitira Bambo, ndipo ine sindikanatha kuwakanira ndikuwayang'ana m'maso. Ndinaona kuti n'chapafupi kuti zisakhalepo.

Tinafika ku Stilbaai dzuwa likadali pamutu. Tisanazimitse n'komwe galimoto, amalume a Gawie a malo oyandikana aja anali atafika kale, kabudula yemwe uja, mimba patsogolo. Anawakumbatira Amayi nthawi yaitali. Kenaka Amayi anatsegula bokosi la kutsogolo.

"Zipika za bambo ako zili kuti?"

"Ndaziiwala m'galaja, Amayi," ndinatero. Bodzalo linatuluka mosavuta mpaka ndinadziopa.

"Ndiye tigona chopendekeka?"

"Ndabwereka zina kwa anzanga. Tiyeni tiyese."

Ndinaika kalevulo pakhomo, chokwerapo chija patsogolo pa tayala lakumunsi, ndipo ndinakoka pang'onopang'ono amalume a Gawie akundikodola ndi dzanja. Tayala litakwera sitepe yachiwiri, kadontho ka m'levulo kanaima pakati. Ndinatsekera matayala, ndinamasula kalavani ku galimoto, ndinalinganiza kutsogolo ndi kumbuyo ndi kagudumu kakutsogolo kaja, ndipo miyendo ndinangoitsitsa mpaka kukhudza pansi. Madzi a khofi anali asanawire n'komwe. Mukukumbuka kuti ndi Bambo ntchito imeneyi inkatenga masana onse, ndi mawu ena omwe abusa sakanawakonda.

Amalume a Gawie anabwerera m'mbuyo, napendeketsa mutu, nafunsa Amayi.

"Truida, kodi iyi ndi kalavani ya malemu Ockert yomwe ija? Zaka zonsezi ndinkaiyang'ana n'kumaganiza kuti ndine ndamwa kwambiri."

"Unkamwadi kwambiri," anatero Amayi.

"Mazira ankathamangira mbali imodzi ya chiwaya ngati nkhosa zikaona galu."

"Koma sunawakanepo tsiku ndi limodzi lomwe."

Anthu a m'malo oyandikira anali atasonkhana, ndipo anaseka. Inenso ndinaseka, achimwene. Ndinaseka kwambiri kuposa onse, chifukwa mantha anali atandichoka. Nditacheuka ndinapeza Amayi akundiyang'ana.

Kenaka analowa kukaika zovala, ndipo potuluka anakoka chitseko mwamphamvu monga anazolowera. Chinamenyeka mpaka makapu analira. Anachitsegulanso, nachikankha ndi chala chimodzi, ndipo chinatsekeka chokha. Mukudziwa mmene chitseko chimenecho chinkavutira, ndi mmene Bambo ankanenera kuti, "Truida, dzanja lako ndi la wosula zitsulo, wachipotola." Ankachita kunena moseka, koma ananena kwa zaka zambiri. Chimene chinkapotola chitsekocho inali miyendo ija yomwe ankaikakamiza. Amayi anachitsegula ndi kuchitseka kachitatu. Kenaka anakhala pa mpando wawo wa nsalu n'kumayang'ana kunyanja.

Masiku otsatira anali abwino, mwina ndinene kuti ankaoneka abwino. Firiji ya gasi ija, yomwe tinkati yakalamba, inayamba kuzizira mpaka kuumitsa madzi, poti nayonso imafuna kuima molingana. Amayi ankalowa m'madzi mpaka m'mawondo, ankasewera makhadi ndi azakhali a Hettie, akazi a amalume a Gawie, ndipo tsiku lina anadya nsomba yowotcha ndi jamu wa maapurikoti mpaka kupempha ina. Ndinayamba kukhulupirira kuti zatheka.

Mmawa wina tikuviika mabisiketi ouma mu khofi pansi pa lona, anati, "Tikafika kunyumba uzitulutse zipika zija, ndizitsuke ndi kuzipaka mafuta. Sindikuti uzizigwiritsa ntchito, zakozi ndaona kuti n'zabwino. Ndikungofuna ziziyenda nafe. Kodi ukudziwa kumene zinachokera?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ndi mtanda wa denga la nyumba ya ngolo, ku famu ya agogo ako ku Karoo. Famu itagulitsidwa chifukwa cha chilala chija, bambo ako anabwererako yekha ndi sowo, mwini watsopano asanalowe. Palibe china chimene anatengako. Iwe unali usanabadwe."

Kodi inu munkadziwa zimenezi? Ine ndawerenga mbiri za mabanja a anthu osawadziwa mashelefu athunthu, koma iyi palibe anandiuza, ndipo sindinafunsepo. Ndinkangoona matabwa akuda onunkha oilo.

Ndinapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu lake tikutsuka mbale ndinawauza zonse, kuti sindinaziiwale, kuti zatsopanozo sindinabwereke, ndi kumene ndinakataya zakalezo. Amayi anapitiriza kupukuta mbale yomwe inali m'manja mwawo.

"Kudzala," anatero. "Pamodzi ndi makoko a mbatata."

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri. Pofuna kudziteteza ndinati, "Amayi, chaka chatha kalavani inagwa. Inatsala pang'ono kuwaphwanya phazi Bambo. Ndinaona ndi maso anga."

Anaika mbale pansi. "Anakuuza kuti usandiuze?"

"Inde."

"Ndiye chinsinsi chawocho nachonso wataya."

Sanakalipe. Inu mukuwadziwa bwino, Amayi akakwiya kwenikweni amakhala aulemu. Masiku otsalawo ankandithokoza pa chilichonse, pa khofi, pa thaulo, pa kuwatsegulira chitseko cha galimoto. Amalume a Gawie anazindikira, ndipo anandikokera pambali pa malo owotchera nyama. "Mwana wa Ockert, usadzidye mtima. Bambo ako ndinkawakonda ngati m'bale wanga, koma chaka chilichonse ndinkasuntha mpando wanga akayamba kukweza chinthu chija." Ndinawathokoza, koma sizinandithandize. Ndikudziwa kuti jeke ndinasankha woyenera. Koma zipikazo zikanatha kukhala m'bokosi osavulaza munthu.

Tsiku lobwerera, ine ndikupinda lona, Amayi anavala chipewa chawo cha kutchalitchi natenga chikwama. Ndinati ndiwaperekeze ku ofesi, anati ayi, njira akuidziwa. Ndinawayang'ana akuyenda pakati pa makalavani, akuima apa ndi apo kutsanzikana ndi anthu, ndipo ndinaona kuti akutsanzika motalikitsa kuposa zaka zina. Atabwerako ndinaopa kufunsa. Anayamba okha.

"Ndalembetsa."

"Zikomo, Amayi."

"M'dzina lako. Ndawauza afafanize la bambo ako ndi langa."

"Nanga inu?"

"Iwe ndiye ukudziwa kuimika kalavani, Hermien. Chitseko chikutsekeka, firiji ikuzizira, palibe chodandaula. Ine ndinazolowera kugona mutu uli kumunsi." Atatero analowa m'galimoto namanga lamba.

Choncho malo aja sanapite kwa ena, koma Amayi akuti Disembala akubwerayu adzatsala kunyumba, adzathirira maluwa. Chifikireni abwereranso m'chipinda muja. Amatuluka pa nthawi ya chakudya, amandifunsa za kuntchito, ndipo ndikayankha amati, "Chabwino, mwana wanga."

Pempho langa ndi ili. Ndikukumbuka kuti pamene munkasamukira ku Namibia ndi ngolo yanu ya katundu, Bambo anakupatsani zipika ziwiri. Ngati zikadalipo, musazitumize pa positi, ndipo musandipatse ine. Bwerani nazo nokha pa Disembala, inu ndi a Ronel ndi ana, muwapatse Amayi m'manja, ndipo muwapemphe kuti apite nanu kunyanja. Inu mwina angakuvomereni. Ine ndikhoza kukoka kalavani, kuiimika, kenaka n'kubwerera kuno ngati angakonde choncho. Mukamayankhula nawo musandiikire kumbuyo, ndipo za phazi la Bambo musatchule, ndazitchula kale mokwanira. Ngati nanunso munazitaya kalekale osadziwa, musachite manyazi kundiuza. Sindine woti ndingakuweruzeni.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu ya patebulo yomwe anatumiza pa Khirisimasi inafika ndipo Amayi anaiyala. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Ndisanatseke envelopu ndinagogoda kuchipinda kufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati ndikuuzeni kuti ali bwino, musadere nkhawa, ndiponso kuti mlongo wanu akuwasamala bwino kwambiri.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Hermien